Tikaonera Komweko

Pali mawu awiri amene ndikufuna tiwakwirire, tiikepo ndi chimwala pamwamba kuti asadzukenso: "tikaonera komweko." Nkhani iliyonse ya ulendo wa kunja m'malokeshoni mwathu muno imathera pa mawu amenewa. Mufunseni mphunzitsi amene wagulitsa firiji ndi masofa ku Area 23 kuti ku Joniko akagwira ntchito yanji, akuuzani kuti akaphunzitsa basi, masukulu kumeneko ndi mbwee. Nanga mapepala? Tikaonera komweko. Nanga ana atatuwa akalowa sukulu iti, kalasi yanji, mwezi uti? Tikaonera komweko. Tonse timagwedezera mitu, abusa amapempherera ulendo, azakhali amabweretsa kathumba ka ufa ndi usipa, basi imanyamuka.

Ndinene msanga ena asanayambe kunditukwana: sindikuletsa munthu kupita. Amene amalalikira kuti "khalani, mumange dziko lanu" kawirikawiri ndi amene ana awo ali kale kunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malipiro a mphunzitsi sanathamange nawo liwiro limenelo. Tili ndi anyamata ndi atsikana amene anamaliza IPTE ku Lilongwe TTC, ku Area 25 konkuno, n'kukhala zaka akudikira kulembedwa ntchito, ena akupalasa kabaza, ena ali pansi pa ambulera kugulitsa mayunitsi. Pomwe ku Chinsapo ndi ku Mgona ana a Sitandade 1 akupanikizana m'kalasi moti mphunzitsi amasowa popondera kuti afike pa bolodi. Munthu wotere akati ndikupita, ine ndilibe pakamwa pomuletsera.

Mkangano wanga uli apa. Aliyense wonyamuka amati "ndikuchitira ana." Koma mukaona m'mene ulendowo wakonzedwera, ana ndi amene aganiziridwa pomalizira penipeni, pambuyo pa tikiti ya basi, pambuyo pa ndalama yoonetsa pa boda, pambuyo pa nsapato zatsopano zotsikira nazo pa Park Station. Wamkulu ali ndi ufulu wotchova njuga ndi moyo wake. Mwana wa Sitandade 5 sanafunsidwe, koma chaka chimene chikubetcheredwacho ndi chake.

Tiyambe ndi ntchitoyo, chifukwa bodza limayambira pamenepo. Ku South Africa simungaime kutsogolo kwa kalasi movomerezeka, kaya ndi sukulu ya boma kaya ya pulayiveti, musanalembetse ku bungwe la aphunzitsi la SACE. A SACE sayang'ana setifiketi ya kunja isanadutse ku SAQA, bungwe limene limayeza mapepala a maphunziro ochokera mayiko ena n'kunena kuti kwawoko akufanana ndi chiyani. A SAQA nawo sakhulupirira pepala chifukwa choti lili ndi chidindo chofiira, amafuna kutsimikiza komwe linatuluka. Zonsezi zimadya ndalama, zimadya nthawi, koma mvetsetsani apa: za SAQA zimapemphedwa pa intaneti, mungaziyambe muli ku Kawale, pa foni yomweyi mukuwerengera nkhani inoyi. Ife ayi. Timadikira kuti tikaziyambire m'kachipinda ka malata ku Diepsloot, masiku 30 amene anatidindira pa Beitbridge akutha limodzi limodzi.

Ndipo masiku 30 amenewo ndi a mlendo wocheza. Kuyambira mu 2014 malamulo a kumeneko salola kuti munthu wolowa ngati mlendo wocheza asinthe n'kukhala wa pemiti ya ntchito ali konko, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa kwambiri. Pemiti imapemphedwa muli kwanu. Mukapitirira masiku anu, potuluka amakudindani kuti ndinu wosafunika: chaka chimodzi ngati mwapitirira pang'ono, zaka zisanu ngati mwapitirira ndi masiku oposa 30. Mwaona pamene pagona nkhani? Chinthu chimene tikuti tikaonera komweko ndi chinthu chimene lamulo lawo limati chimaonedwera kuno. Munthu amagulitsa katundu yense kuti akafike pamalo pamene sangathenso kupempha chimene wapitira.

Pali chowawa china chimene sitifuna kumva. Kumeneko mphunzitsi watsopano amayembekezeka kukhala ndi digiri ya uphunzitsi ya zaka zinayi, kapena digiri ina yowonjezerapo chaka chophunzira kaphunzitsidwe. IPTE yathu ndi setifiketi ya zaka ziwiri pamwamba pa MSCE. Sindikunyoza ayi. Munthu amene waphunzitsa chigulu cha ana kuwerenga pansi pa mtengo wa mango, choko chochita kubenthulirana ndi mnzake wa kalasi ina, amaidziwa ntchito kuposa ambiri a madigiri. Koma sikelo ya kumeneko siyeza thukuta, imayeza zaka zimene munakhala ku koleji. Wa dipuloma ya ku Domasi kapena ku Nalikule, wa digiri ya ku Chanco kapena ku Mzuni, ali pabwinoko, komabe phiri la pemiti lija likumudikira. Mndandanda wa ntchito zosowa anthu umene boma la South Africa linatulutsa mu 2022 unatchula aphunzitsi, inde, koma a sekondale okha, ndiponso a masamu, sayansi ndi zaumisiri basi. Mphunzitsi wa Chichewa, wa Social Studies, wa Bible Knowledge, wa Expressive Arts, palibe amene akumuyembekezera. Eni dziko omwe ntchito ikuwasowa. Boma la chigawo cha Western Cape, komwe kuli Cape Town, linalengeza mu 2024 kuti lichotsa malo a aphunzitsi 2,407 kuyambira January 2025 chifukwa ndalama zavuta. Ndiye mukuganiza kuti malo otsalawo asungira munthu wa ku Biwi amene masiku ake mu pasipoti anatha?

Chimachitika n'chiyani tsono? Lowani pa Facebook kapena pa masamba otsatsa ntchito a kumeneko, mulembe mawu oti Malawian. Muona mzere wautali: wosamalira maluwa, wa ntchito za m'nyumba, wolera ana, wophika, wokhulupirika, wolimbikira, samwa mowa. Pakati pa anthu amenewo pali ena amene kuno tinkawaimirira akalowa m'kalasi. Ntchito ya m'nyumba si yochititsa manyazi, yaphunzitsa ana ambiri, yamanga nyumba zambiri ku Mangochi ndi ku Mzimba. Chochititsa manyazi ndi bodza limene timaikulungira. Amene amapezadi choko nthawi zambiri amathera m'timakoleji ta pulayiveti ta m'nyumba zosanja za pakati pa Johannesburg, komwe mwini sukulu amadziwa bwino lomwe kuti munthu wopanda pemiti alibe kokadandaula mwezi ukatha osalandira.

Zimenezi si za lero. Clements Kadalie anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, ananyamuka mu 1915, anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mbiri yake kumeneko si ya choko. Anagwira ntchito zina mpaka anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Zaka zoposa 100 zapitapo, choko chathu chimatherabe m'njira. Kusiyana kwake n'kwakuti a nthawi imeneyo, ndi a Wenela amene ankapita ku migodi mpaka Kamuzu ataletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ankapita okha. Ana ankatsala kumudzi, pa sukulu ya mishoni yomwe ija, mphunzitsi yemwe uja. Ife tikunyamula banja lonse koma nzeru zake ndi zomwezija za munthu wopita yekha ndi bulangete limodzi.

Ena akuti ife za ku Joni ayi, ife ndi a ku UK. Chabwino. Mu February 2023 dziko la England linatsegula njira yoti aphunzitsi a mayiko ena azipempha chiphaso chake cha uphunzitsi, chotchedwa QTS, ali kwawo. Pa mayiko a mu Africa muno panali Ghana, Nigeria, South Africa ndi Zimbabwe. Malawi panalibe. Khomo limene anthu ankalowera linali la ntchito yosamalira okalamba, ndipo khomo limenelo latsekeka tikuona. Kuyambira pa 11 March 2024 wolowa pa viza imeneyo saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu July 2025 anasiyiratu kulemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchito imeneyi. Ophunzira ambiri a masters analetsedwa kutenga mabanja kuyambira January 2024. Ngakhale mphunzitsi atapeza viza yololeza banja, msonkho wa chipatala wokha ndi mapaundi 1,035 pa chaka munthu wamkulu, 776 mwana aliyense, wolipiriratu zaka zonse za vizayo musanakwere ndege. Chulukitsani ndi ana atatu, muchulukitsenso ndi zaka zitatu, kenako mukasinthe pa mtengo wa anyamata osintha ndalama m'tauni aja. Koma mpaka lero m'magulu a WhatsApp muli anthu odzitcha maejenti, akutolera ndalama za "malo a uphunzitsi, banja lonse, sukulu ya ana yaulere," ndipo anthu ophunzira bwinobwino, amene amachonga mayeso a ana athu, akutumiza.

Tsopano tifike pa mwana. Apa ndi pamene ndimapsa mtima kwenikweni, chifukwa zambiri mwa izi si zinsinsi. Safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi wosafunsa ndi wina, wodya phulayo ndi wina.

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu September n'kutha mu July. Ku South Africa chimayamba mu January n'kutha mu December. Mukanyamuka mu August mwana atangomaliza kalasi, mukufika anzake ali pakati pa teremu yachitatu mwa materemu anayi, ndipo musadabwe akakuuzani kuti mudzabwere January. Miyezi isanu mwana ali m'kachipinda, chitseko chokhoma, makolo ali ku maganyu. Kapena amayi ake, amene ku Kawale anali madamu a Sitandade 4, akhala pakhomo kumulondera, ndiye kuti ndalama imene munawerengera kuti izilowa pawiri ikulowa pamodzi. Mukanyamuka mu December, ngati m'mene ambiri amachitira potsatana ndi abale obwera ku Khirisimasi, mwana wasiya kalasi ataphunzira teremu imodzi yokha, ndipo malo a January anagawidwa kalekale. Ku Gauteng, komwe kuli Johannesburg ndi Pretoria, malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 amapemphedwa pa intaneti chapakati pa chaka, kukonzekera chaka chinacho. Ku Western Cape amatsegula msanga kuposa pamenepo. Ndipo January aliyense nyuzi za kumeneko zimadzaza ndi zithunzi za makolo, eni dziko, ali pa mizere ku maofesi a zamaphunziro, ana atavala yunifolomu koma sukulu alibe. Kumbuyo kwa mzere umenewo ndi kumene mukufuna kukaima, ndi pasipoti yakutha m'thumba.

Giredi 8 ndatchulayo ndi chiyambi cha sekondale kumeneko. Mwana wathu wa Sitandade 8, amene kuno akukonzekera mayeso a MANEB a pulayimale, kumeneko ndi wa sekondale kale, ndipo akugwera pa kalasi yeniyeni imene malo ake amalimbiranidwa. Alinso ndi kawerengedwe kawo ka msinkhu: zaka za mwana zikhale nambala ya giredi kuphatikiza 6. Wa Giredi 4 akhale wa zaka 10. Kuno mwana wa zaka 14 ali Sitandade 5 si nkhani, anayamba mochedwa, anabwereza kawiri, chaka china anadwala, tonse timawadziwa. Kumeneko wa zaka 14 ndi wa Giredi 8. Amuika kuti? Akatsata zaka, amuponya pa masamu a sekondale asanamalize matebulo ochulukitsa. Akatsata zimene akudziwa, akhala ndi tiana tomufika m'chiuno, ndipo mnyamata wa msinkhu umenewo sakhalitsa m'kalasi yotere. Pakatha miyezi ingapo mumva kuti akuthandiza ankolo kutsuka magalimoto.

Nanga chinenero? Mwana wa Sitandade 3 ku Biwi amaganiza m'Chichewa, Chingerezi chake ndi cha moni wa m'mawa. Kumeneko ayenera kuphunzira zinenero ziwiri za dzikolo. Sukulu zosalipira fizi zili m'malokeshoni ndi m'midzi, ndipo m'makalasi oyambirira zambiri zimaphunzitsa m'chinenero cha m'deralo, kaya Chizulu, kaya Chixhosa, kaya Chisotho. Zophunzitsa m'Chingerezi kuyambira pansi kawirikawiri ndi za fizi, ndipo m'zambiri chinenero chachiwiri ndi Afrikaans. Ang'onoang'ono amatola msanga, n'zoona, pakatha chaka amayamba kumasulira makolo awo ku shopu. Koma wa zaka 12 amene wagwera pakati amalipira ndi chaka china. Lilipo lamulo loti mwana amene wayamba sukulu ya kumeneko pa Giredi 7 kapena pamwamba pake angathe kukhululukidwa chinenero chachiwiricho, koma munthu amapempha chimene akuchidziwa, ndipo popempha amafunika kuonetsa kuti mwanayo anachokera kuti ndipo analowa liti.

Zomwe zikutifikitsa pa mapepala. Kalata ya transifa yochokera kwa ahedi, malipoti a mayeso, setifiketi ya kubadwa ya ku NRB, buku la ku sikelo losonyeza katemera. Viza ya mwana wa sukulu nayo imafuna kalata ya sukulu imene yamulandira ndi inshuwalansi ya chipatala ya kumeneko. Ambiri amazikumbukira izi ali kale ku Johannesburg, ndiye amayamba kuimba mafoni: alamu, tapitani kwa ahedi mukandipemphere kalata, mukaijambule munditumizire. Ahedi nawo akuti mwanayo anangosowa, sitinatsanzikidwe. Ndipo akunena zoona. Tinachoka usiku osauza aliyense, kuopa afiti ndi angongole. Chondidabwitsa n'chakuti amene akuchita izi ndi aphunzitsi, anthu amene akhala akubweza makolo a ena pa ofesi chifukwa chosowa kalata yomweyo.

Ndinene chilungamo, lamulo la kumeneko lili kumbali ya mwana kuposa m'mene ambiri amaganizira. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wa maphunziro oyambirira kwa aliyense, osati nzika zokha. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira unduna wa zamaphunziro, linagamula kuti mwana asabwezedwe pa sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Chigamulo chimenechi kholo lililonse lopita kumeneko liyenera kukhala nacho mu foni, pambali pa nyimbo za kwaya zija. Koma chigamulo sichikhoma desiki. Sukulu ikati yadzaza, yadzaza, ndipo kholo limene likuopa kutengedwa kupita ku Lindela silikangana ndi kalaliki wa pa windo. Komanso pa geti pamaima ena amene sawerenga zigamulo. Mu 2025 a Operation Dudula ankaima pa makomo a zipatala za boma kubweza alendo, n'kulengeza kuti achita zomwezo m'masukulu. Khoti la ku Johannesburg linawaletsa mu November chaka chomwecho, koma mwana amene wamva akufuulidwa kuti kwerekwere pa geti la sukulu yake sachira ndi pepala la khoti.

Tinawaona mabasi akubweza anthu athu mu 2008 ndi mu 2015. Pobwerera mwana amalipiranso kachiwiri. Wafika ndi Giredi 9, mayeso a Sitandade 8 sanalembe, pomwe kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma kumadalira mayeso amenewo. Chichewa amalankhula cha m'nyumba, kulemba chimangirizo sadziwa. Kalendala ija yamudyanso miyezi ina. Ndipo wobadwira komweko ali ndi lake vuto. Kubadwira ku South Africa sikumupatsa unzika ngati makolo onse ndi alendo. Angaupemphe akakwanitsa zaka 18, ngati kubadwa kwake kunalembedwa ndipo wakhala komweko moyo wake wonse. Ngati uko sikunalembedwe, kuno a NRB sakumudziwa, ndiye kuti mwabala munthu wopanda dziko. Funsani zidzukulu za matchona a ku Zimbabwe, a ku Mbare ndi a m'mafamu, zimene zinawaonekera lamulo la unzika litasintha mu 2001.

Ndilankhuleko ndi inu achimwene ndi achemwali amene muli kale kumeneko. Zonsezi mumazidziwa. Koma December ikafika mumatsika ndi masipika ndi mabulangete, mukafunsidwa za sukulu mumati za ana n'zosavuta, ingobwerani. Chithunzi cha mwana atavala jekete ya sukulu ndi tayi mumatumiza. Miyezi imene anakhala pakhomo asanapeze malowo simutchula. Ndikumvetsa, palibe amene amafuna kubwera kwawo ndi nkhani yoti zinavuta. Koma ulemu mukuusungawo akuulipira ndi ana a mlongo wanu. Mphunzitsi mnzanu akakufunsani, muuzeni kuti mumatchetcha kapinga ku Constantia, muuzeni ndalama yake, muuzeni lendi, muuzeni dzina la sukulu ya mwana wanu ndi m'mene munavutikira kuti alowe. Mwina abwerabe, ndi ufulu wake. Koma abwera akudziwa, ndipo mwina ana awasiya kaye.

Kusiya ana nakonso si mankhwala, musandimve molakwika. Timawadziwa ana a "makolo ali ku Joni" m'malokeshoni muno: foni yapamwamba, nsapato za fasho, ndalama ya pa Mukuru mwezi ndi mwezi, koma woyang'ana m'kope palibe. Agogo sangalimbane ndi mnyamata wa Fomu 2. Komabe ndikaika pa sikelo, mwana wotsala chaka chimodzi ndi azakhali kuti amalize Sitandade 8 kapena Fomu 4, kholo likukonza mapepala ndi malo, ali bwino kuposa mwana wonyamulidwa ngati katundu wa matransipota. Makamaka wa Fomu 3. Kumeneko maphunziro a matric amasankhidwa pa Giredi 10 n'kuyenda nawo zaka zitatu, wolowa pakati amapeza anzake ali kutali. Kumuzula mwana atatsala ndi chaka chimodzi kuti alembe MSCE, kuti akayambirenso kufunafuna malo, ine sindikutcha chikondi.

Koma ndisalankhule ngati mlandu wonse ndi wa anthu osauka osafunsa. Waukulu uli ku Capital Hill. Boma limaphunzitsa aphunzitsi ndi misonkho yathu, n'kuwasiya pakhomo zaka, pomwe lokha limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60 ndipo silikukwanitsa. Sankhanipo chimodzi, akuluakulu: alembeni ntchito, kapena atsegulireni khomo lenileni. Zambia, pa Mchinji pomwepa, inalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi mu 2022. Zimbabwe inasainirana ndi Rwanda, ndipo mu October 2022 aphunzitsi oposa 150 anakwera ndege kupita ku Kigali, makontirakiti ali m'manja, boma lawo likudziwa komwe ali. Ife mu November 2023 tinatumiza achinyamata 221 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Ndiye kuti kusaina timatha. Misana ya ana athu timaipezera msika, mitu yawo ayi.

Wina anena kuti dziko losowa aphunzitsi silingatumize aphunzitsi kunja. N'zoona, ndipo ndikanagwirizana naye akanakhala kuti aphunzitsiwo ali m'kalasi. Koma sali m'kalasi. Ali pa siteji ya kabaza, ndipo kunjako akupita kale, kudzera ku Dedza ndi ku Mwanza, popanda wowerenga. Funso si lakuti apite kapena asapite. Funso n'lakuti apita ngati aphunzitsi kapena ngati anthu othawathawa apolisi.

Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi chilolezo chapadera ku South Africa kuyambira mu 2009, chimene chasinthasintha mayina mpaka kukhala ZEP. Chili ndi mavuto ake, kuyambira mu 2021 akhala akuopsezedwa kuti chithetsedwa, koma chinalola aphunzitsi awo kuima m'kalasi ndi ana awo kulembetsa sukulu ndi pepala lenileni. A ku Lesotho ali ndi chawo. Amalawi, amene agogo athu anakumba golide wa Johannesburg, tili ndi masiku 30. Ndipo chondiseketsa mowawa n'chakuti pangano la SADC la zamaphunziro, lofuna kuti mayiko a m'chigawo chino azifananitsa mapepala a sukulu ndi kufewetsa kayendedwe ka ophunzira ndi aphunzitsi, linasainidwa mu 1997 ku Blantyre. Kwathu konkuno, tiyi wake tinafulula ndife. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ndi mphunzitsi wa IPTE, ali pa foni kufunsa m'gulu la WhatsApp ngati alipo amene akudziwa kuti SAQA n'chiyani.

Zina mwa izi sizifuna ngakhale pangano. A Teachers Council of Malawi, amene amalembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, angathe kulemba tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka, lofotokoza kuti IPTE, dipuloma ndi digiri zimalemera bwanji ku South Africa, ku Zambia, ku Botswana ndi ku England, ndiponso kuti kalata yochitira umboni mphunzitsi imatengedwa kuti. Maofesi athu a ukazembe ku Pretoria ndi ku Johannesburg angathe kumata chigamulo cha 2019 chija pakhoma, n'kuikapo nambala yoimba mwana akabwezedwa pa sukulu. Unduna ungathe kupatsa ahedi onse fomu imodzi ya transifa ya Chingerezi, yofotokoza kuti wa Sitandade 6 waphunzira chiyani, kuti kalaliki wa ku Tembisa asamangoitembenuzatembenuza. Zonsezi sizifuna ndalama zakunja, sizifuna kudikira a IMF, zikufuna munthu mmodzi ndi kompyuta imodzi yosazima. Koma ku Capital Hill sizifulumira, chifukwa ana a kumeneko akamapita kunja kalata ya sukulu imakhala itafika kale, ndipo amanyamukira pa KIA.